Sikani ya kashiamu wa m'mitsempha ya mtima: woyenera kujambulidwa ndani, ndipo nambala yake iwerengedwe bwanji

Tiyerekeze kuti kuchipatala kwafika bambo a zaka 54 a ku Nchalo. Sakumva kupweteka paliponse, ntchito akugwira bwinobwino, koma BP yawo yakwerako ndipo mafuta a m'magazi ali pamwamba pang'ono. Adokotala akuganiza zowayambitsa statin, mankhwala otsitsa mafuta oipa a m'magazi, omwe munthu amamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Bambowo akukayika: amwerenji mankhwala pomwe sakudwala? Sikani ya kashiamu, yomwe ndi kujambula mtima ndi makina a CT (makina a X-ray ojambula thupi m'magawomagawo) n'kupereka nambala ya kuchuluka kwa kashiamu wa m'mitsempha yake, inabwera kudzathandiza pa funso limeneli, ndipo ndi funso lokhali lomwe imayankha bwino. Siuza munthu ngati mtsempha wake watsekeka lero. Imangosonyeza kuchuluka kwa matenda omwe amera kale m'makoma a mitsempha yodyetsa mtima, kuti tione ngati munthuyo ali pachiopsezo chachikulu kapena chochepa m'zaka khumi zikubwerazi.

Zambiri zomwe tikudziwa pa nkhaniyi zinachokera ku America, ndipo gawo lomwe latiphunzitsa kwambiri ndi la anthu a kumeneko omwe makolo awo anachokera ku Asia. Wina angafunse kuti zimenezo zikutikhudza bwanji kuno ku chigwa cha Shire. Zikutikhudza pawiri. Muno m'Malawi muli mabanja ambiri ochokera ku India ndi Pakistan, ena anakwatirana ndi eni nthaka, ndipo ana awo ndi zidzukulu zawo timakumana nawo m'zipatala za ku Chikwawa, ku Nsanje ndi ku Blantyre. Kachiwiri, nkhani ya anthu a ku Asia ndiyo ikuonetsa poyera zomwe zimachitika munthu akamayezedwa ndi muyeso wopangidwira mtundu wina. Vuto lomwelo lili pa ife tonse.

Chomwe makina amaona

Mtima umadyetsedwa ndi mitsempha yakeyake yomwe imayenda pamwamba pake. Wa kumanzere umayamba ngati thunthu lalifupi lotchedwa left main, n'kugawika pawiri: LAD wotsika kutsogolo, ndi circumflex wozungulira kumbuyo. Wa kumanja ndi RCA. Mafuta oipa a LDL akalowa m'khoma la mtsempha, khomalo limatupa, thupi n'kumayesa kupoletsa, ndipo pakapita zaka pamalopo pamauma ndi kashiamu ngati chipsera. Kashiamuyo amaoneka woyera mbee pa chithunzi cha CT. Pomwe pali kashiamu m'khoma la mtsempha wa mtima, matenda a mafuta alipo ndithu. Ndipo kashiamu akachuluka, ndiye kuti mafuta ofewa omwe sanaume, amene makina sawaona, nawonso ndi ambiri.

Apa tiyenera kuchotsa mantha amodzi omwe ali ndi malo kuno kwathu. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje imatulutsa madzi amchere, ndipo ketulo imachita zoyera mkati. Zoyerazo si zomwe zimamata m'mitsempha. Mkaka, usipa kapena matemba odyedwa ndi minga yomwe sizibweretsanso kashiamu ameneyu. Iye ndi chizindikiro cha bala lakale la m'khoma la mtsempha, lobwera ndi fodya, BP, shuga, mafuta a m'magazi, zaka komanso za kumtundu.

Asia si mtundu umodzi

M'chaka cha 2000 ku America kunayamba kafukufuku wotchedwa MESA. Anatenga anthu 6,814 a zaka 45 mpaka 84, opanda matenda a mtima odziwika, a magulu anayi: azungu, akuda, ochokera ku mayiko olankhula Chisipanishi ndi ochokera ku China. Onse anajambulidwa. Mwa amuna, kashiamu anapezeka mwa azungu pafupifupi 70 pa 100 alionse, a ku China 59, akuda 52. Zotsatira zomwe zinatuluka mu 2008 zinasonyeza kuti ngakhale kuchuluka kwa kashiamu kumasiyana chonchi, nambala yake imalosera matenda a mtima m'magulu onse anayi. Munthu wa nambala yoposa 300 anali pachiopsezo chochuluka pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi wa ziro.

Koma mu MESA munalibe anthu a kumwera kwa Asia, kutanthauza India, Pakistan, Bangladesh, Nepal ndi Sri Lanka, omwe ndi amene mtima umawatenga msanga. N'chifukwa chake mu 2010 kunayamba kafukufuku wina wotchedwa MASALA, motsogozedwa ndi Alka Kanaya wa ku San Francisco ndi Namratha Kandula wa ku Chicago, woyamba ndi anthu 906 oyezedwa m'njira zofanana ndi za MESA. Anapeza kuti amuna a kumwera kwa Asia ali ndi kashiamu wochuluka ngati wa azungu, kuposa wa magulu enawo. Chodabwitsa kwambiri chinali shuga: anapezeka mwa anthu 23 pa 100 alionse, pomwe mwa azungu anali 6 ndipo mwa a ku China anali 13. Ambiri a iwo sanali onenepa poyang'ana. Mafuta awo amabisala m'mimba, mozungulira matumbo ndi m'chiwindi, osati pansi pa khungu.

Tsono onani pomwe pagona vuto. Masamu omwe madokotala a ku America anayamba kugwiritsa ntchito mu 2013 powerengera chiopsezo cha zaka khumi anapangidwa kuchokera kwa azungu ndi akuda. Munthu wa ku Asia amalowetsedwa ngati mzungu. Kwa wa ku China kapena ku Japan, masamuwo amakonda kukweza chiopsezo kuposa momwe chilili. Kwa wa ku India amachichepetsa. Choncho pepala limodzi lomwelo likhoza kumwetsa mankhwala munthu wosawafunika, n'kusiya wowafunikadi. Malangizo a 2018 a mabungwe a za mtima a ku America a AHA ndi ACC anavomereza zimenezi, ndipo analemba kuchokera kumwera kwa Asia ngati chimodzi mwa zinthu zowonjezera chiopsezo. Masamu atsopano a 2023 otchedwa PREVENT anangochotseratu funso la mtundu wa munthu. Sikani ya kashiamu ili ndi ubwino woti siyerekeza kuchokera kwa anthu ena. Imayang'ana mitsempha ya munthuyo mwini wake.

Asanakwere minibasi ya ku Blantyre

Ntchito yaikulu imachitika munthu asanaone makina. Inu azaumoyo, yambani ndi kufunsa ngati pali zizindikiro. Munthu amene chifuwa chimamuthina akamakwera mtunda kapena kupalasa njinga, amene ululu umatsikira kumkono kapena kukwera kunsagwada, amene amabanika kapena kutuluka thukuta lozizira, sikani iyi si yake. Ameneyo afunika ECG, yomwe ndi kuyeza kagundidwe ka mtima, ndi kuonedwa ndi dokotala tsiku lomwelo. Nambala ya ziro mwa munthu wa zizindikiro ikhoza kunamiza, chifukwa mafuta ofewa osauma ndiwo amaphulika n'kutseka mtsempha, makamaka mwa anthu a zaka zochepa.

Pali enanso omwe kuwajambula n'kutaya ndalama chifukwa yankho likudziwika kale. Amene anadwalapo kale kutsekeka kwa mtsempha wa mtima, amene anagwidwapo sitiroko yobwera ndi kutsekeka kwa mtsempha, ndi amene anaikidwa stent (kachubu kotsegula mtsempha), statin ndi wawo basi. Chimodzimodzi amene LDL yake yafika 4.9 mmol/L, yomwe ndi 190 mg/dL, komanso wa shuga wa zaka 40 mpaka 75. Mayi woyembekezera sajambulidwa. Wachinyamata wa zaka za m'ma 20 kapena 30 kawirikawiri amatuluka ndi ziro ngakhale matenda atayamba, choncho ziro wake sanena zambiri.

Otsala ndi anthu a zaka 40 mpaka 75 opanda zizindikiro. Awa muwayeze BP kangapo pa masiku osiyana, atakhala pansi mphindi zisanu, ndi lamba wa pamkono wolingana ndi kukula kwa mkonowo. Muyeze shuga, mafuta a m'magazi ndi impso. Muyezenso m'mimba ndi tepi, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, munthu atatulutsa mpweya. Kwa anthu a kumwera kwa Asia, malire ndi masentimita 90 kwa abambo ndi 80 kwa amayi. Pa BMI, muyeso woyerekeza kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake, a bungwe loona za shuga ku America amati munthu wa ku Asia ayambe kuyezedwa shuga akafika 23, osadikira 25. Bambo wochepa thupi koma wa kamimba kotuluka musamuyese wotetezeka.

Kenako funsani za kumtundu, ndipo funsani bwino: kodi bambo kapena mchimwene anadwala mtima asanakwane zaka 55, kapena mayi kapena mchemwali asanakwane 65? Kuno imfa zambiri zadzidzidzi sizifufuzidwa, anthu amangoti anagwa kumunda kapena anagona osadzuka, ndiye funsani zaka za womwalirayo ndi momwe zinachitikira. Kwa amayi, funsani ngati BP inakwera ali oyembekezera mpaka kutupa, kapena ngati anasiya kusamba asanafike zaka 40. HIV, matenda a impso ndi nyamakazi yotupitsa mfundo nazonso zimakweza chiopsezo.

Mukawerengera ndi masamu a 2013 aja, mupeza chiopsezo cha zaka khumi, ndipo malire otsatirawa ndi a malangizo a 2018. Chikakhala pansi pa 5 peresenti ndipo palibe chowonjezera, sikani siifunika. Chikafika 20 peresenti kapena kuposa, munthuyo ayambe mankhwala, sikani siisintha kanthu. Malo a sikani ali pakatipa: kuyambira 7.5 mpaka pansi pa 20, komanso 5 mpaka 7.5 ngati pali zowonjezera monga kuchokera kumwera kwa Asia. Ndipo funso lomaliza mufunse mwini wakeyo: nambala ikatuluka yaikulu, mudzamwa mankhwala? Ngati ayankha kuti sadzamwa zivute zitani, kapena kuti ndi wokonzeka kumwa ngakhale lero, ulendowo ulibe phindu.

Makina a CT ali ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera pa boma la Chikwawa, ndipo wochokera ku Bangula kapena ku Nsanje ndi ulendo wa tsiku. Si CT iliyonse yomwe imachita ntchitoyi. Imbani foni musananyamuke, mufunse zinthu zitatu: ngati makinawo amalumikizidwa ndi ECG pojambula mtima, ngati ali ndi pulogalamu yowerengera nambala ya kashiamu yotchedwa Agatston, ndi ngati alipo wowerenga zithunzizo n'kulemba lipoti. Amene muli pa sikimu ya zachipatala mufunsiretu ngati amalipira kuyezetsa kwa munthu wosadwala.

Tsiku lojambula

Kukonzekera kwake n'kochepa. Simubayidwa mankhwala owalitsa mitsempha, choncho impso sizikhudzidwa ndipo simufunika kugona ndi njala. Chofunika n'choti mtima ugunde modekha. Kwa maola anayi musanajambulidwe musamwe tiyi, khofi, Coca-Cola kapena zakumwa zopatsa mphamvu, ndipo musasute. Mankhwala anu a BP imwani monga mwa masiku onse. Wochokera kuchigwa m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala amafika atauma kukhosi, thukuta lili kamukamu, mtima ukuthamanga. Imwani madzi panjira, ndipo mukafika khalani pansi mpume kwa theka la ola.

Mudzavula malaya, mkanda ndi kamisolo ka zitsulo. Adzakumatani timapepala ta ECG pachifuwa, mudzagona chagada manja ali pamwamba pa mutu, bedi n'kulowa m'makina. Mudzauzidwa kukoka mpweya n'kuugwira kwa masekondi khumi kapena kuposerapo pang'ono. Yeserani kunyumba, chifukwa ambiri amalakwitsa pamenepa: amakoka mpweya wambiri n'kuyamba kuutulutsa pang'onopang'ono osadziwa, chithunzi n'kugwedera. Zonse zimatha m'mphindi 10 mpaka 15. Cheza chomwe thupi limalandira ndi pafupifupi 1 mSv pa muyeso wa cheza, chofanana ndi ma X-ray a pachifuwa khumi, ndipo n'chochepera chomwe munthu amalandira m'chilengedwe pa chaka.

Kwa ojambula: muyeso wake ndi 120 kVp, magawo okhuthala mamilimita 2.5 kapena 3, kuyambira pomwe kholingo limagawikira mpaka pansi pa mtima, makina akujambula pa nthawi yomwe mtima wadekha pakati pa kugunda. Mukasintha kVp kapena kuchepetsa kukhuthala kwa magawo, nambala imasintha ndipo singafananitsidwenso ndi za m'kafukufuku.

Momwe nambala imapangidwira

Njirayi anaifalitsa Arthur Agatston ndi Warren Janowitz mu 1990, ndipo mpaka lero sinasinthe kwenikweni. Pa gawo lililonse la chithunzi, kompyuta imasankha malo owala kufika 130 pa muyeso wa Hounsfield, okula milimita imodzi mbali zonse kapena kuposa. Kukula kwa malowo kumachulukitsidwa ndi nambala ya kulimba kwake: 1 ngati kuwala kwake kuli 130 mpaka 199, 2 ngati kuli 200 mpaka 299, 3 ngati kuli 300 mpaka 399, ndi 4 kuyambira 400. Kadontho ka 12 mm² mu LAD kowala 250 kamapereka 24. Kena ka 8 mm² mu RCA kowala 420 kamapereka 32. Ngati palibe tina, nambala ya munthuyo ndi 56. Lipoti labwino limalemba nambala ya mtsempha uliwonse payokha, chifukwa 56 womwazika m'mitsempha itatu, kapena wokhala mu left main, ndi woopsa kuposa 56 wa malo amodzi.

Ziro ndi nkhani yabwino kwambiri. Mu MESA, anthu a ziro chiopsezo chawo cha zaka khumi chinali chochepa, kwa ambiri pansi pa 5 peresenti, ndipo malangizo a 2018 amalola kuyamba mwadikira pa statin. Koma malangizowo amapatula anthu atatu: wa shuga, wosuta, ndi wa kumtundu kwa matenda a mtima obwera msanga. Ndime imeneyi ndi yofunika kwambiri kwa anthu a kumwera kwa Asia, poti ziwiri mwa zitatuzo, shuga ndi za kumtundu, n'zofala pakati pawo. Bambo a zaka 46 ochokera ku banja la ku Gujarat ku India, omwe shuga wawo ali m'malire ndipo mchimwene wawo anagwa ali ndi zaka 50, ziro asawagoneke tulo. Kwa mayi a zaka 62 ochokera ku China, osasuta, opanda shuga, omwe masamu anawakweza chifukwa cha zaka chabe, ziro yemweyo ndi chifukwa chokwanira chosiyira mankhwala pakali pano. Nambala ndi imodzi, koma chochita n'chosiyana.

Ziro sakhalitsa mpaka kalekale. Malangizowo amati munthu aunikidwenso pakatha zaka zisanu mpaka khumi, ndipo kwa wa chiopsezo chokwererapo ndi bwino kufulumirirako. Komanso ziro sanena kanthu pa BP. Munthu wa BP ya 170 pa 100 sitiroko ikhoza kumugwira mitsempha ya mtima ili yoyera.

Nambala ya 1 mpaka 99 ikutanthauza kuti matenda ayamba, ndipo kuyamba statin n'koyenera, makamaka kwa wa zaka 55 kupita m'tsogolo. Apa zaka za munthu zimalankhula kuposa nambala. Kashiamu wa 30 mwa agogo a zaka 72 si wachilendo; 30 yemweyo mwa munthu wa zaka 45 ndi belu. N'chifukwa chake lipoti limaikanso munthu pamzere wa anzake a zaka zofanana, amuna paokha akazi paokha: ngati nambala yake ikuposa ya anzake 75 pa 100 alionse, amatengedwa ngati wa chiopsezo chachikulu ngakhale isanafike 100. Samalani ndi mzere womwe wagwiritsidwa ntchito. Wa MESA uli ndi magulu anayi aja okha. Kuika munthu wa ku India pa mzere wa a ku China chifukwa choti onse ndi a ku Asia n'kulakwitsa. Zotsatira za MASALA zikusonyeza kuti amuna a kumwera kwa Asia amayandikira azungu. Ife timaona kuti pamene mzere woyenera palibe, ndi bwino kudalira nambala yeniyeniyo pamodzi ndi zaka za munthu kusiyana ndi kukakamira peresenti ya mtundu wina.

Kuyambira 100, statin ndi wofunika. Mu MESA, anthu onse a nambala yoposa 100 chiopsezo chawo chinadutsa 7.5 peresenti, kaya ndi amuna kapena akazi, kaya ndi a gulu liti. Kuyambira 300 chiopsezo n'chachikulu ndipo mankhwala ayenera kukhala amphamvu. Komabe nambala yaikulu payokha si chifukwa chothamangira ku South Africa kapena ku India kukaikitsa stent. Kashiamu ali m'khoma, ndipo njira ya magazi ikhoza kukhala yotseguka. Munthu wopanda zizindikiro chomwe chimamuteteza ndi mankhwala ndi kusintha kakhalidwe. Chomwe dokotala ayenera kuchita ndi kufunsanso mwakuya, poti ena amati alibe ululu pomwe anangosiya kuyenda mitunda kuti ululuwo usabwere.

Nanga munthu wakuda wa kuno kwathu? Mu MESA akuda anali ndi kashiamu wochepa kuposa azungu ngakhale BP inali yofala pakati pawo, koma nambala ikakwera inkalosera matenda chimodzimodzi. Ndiye nambala yaikulu ikhulupirireni. Yaing'ono isakuiwalitseni kuti zomwe zimadzaza mawodi athu ndi sitiroko, mtima wotupa chifukwa cha BP, ndi mavavu a mtima owonongeka ndi zilonda za kukhosi za paubwana, ndipo zonsezi sikani iyi siziona.

Zomwe zimasokoneza

Mtima wothamanga kapena wogunda modumphadumpha umapangitsa kadontho kamodzi kuoneka kotambalala kapena kawiri, makamaka mu RCA womwe umagwedera kwambiri, nambala n'kukwera. Mwa munthu wonenepa kwambiri chithunzi chimachita timadontho tabodza tomwe kompyuta ikhoza kuwerenga ngati kashiamu. Mawaya a pacemaker, kachipangizo kothandiza mtima kugunda, ndi ma stent amawalanso. N'chifukwa chake kompyuta siisiyidwa yokha. Munthu ayenera kudutsa gawo lililonse n'kuvomereza kapena kukana malo owalawo.

Cholakwika chomwe chili pafupi kwambiri ndi ife ndi kuwerengera kashiamu wosakhala m'mitsempha ya mtima. Valavu ya aorta ndi mphete ya valavu ya mitral zimauma ndi kashiamu, ndipo mpheteyo ili moyandikana ndi circumflex. Mavavu owonongeka paubwana aja amaumanso. TB ikagwira thumba lokuta mtima imasiya kashiamu pamwamba pa mtima, ndipo anabere a m'chifuwa omwe TB inadutsamo amawala moyera. Wodwala yemwe anamwapo mankhwala a TB anene asanajambulidwe, ndipo wotumiza alembe pa fomu. Zithunzizi zimaonetsanso mbali ya mapapo, ndiye timadontho ndi zipsera zakale zimatulukira. Zambiri si khansa, koma lipoti linene chochita nazo.

Mwa munthu wa impso zofooka kwambiri kashiamu amamera m'khoma la mtsempha pa zifukwa zina, ndipo nambala imakwera kuposa mafuta omwe alipo. Ndipo cholakwika china chomwe chimadya ndalama za anthu ndi kubwereza sikani pofuna kuona ngati mankhwala akugwira ntchito. Statin amaumitsa mafuta ofewa aja kuti asaphulike, choncho nambala imakwera mwa munthu amene akumwa bwino. Wina akaona 140 yasanduka 190 amataya mtima n'kusiya mankhwala omwe akumuteteza. Munthu akangoyamba statin, chomwe timayeza ndi LDL, osati kashiamu.

Nambala ikatuluka

Statin wa mphamvu yapakati, monga atorvastatin 10 mpaka 20 mg, rosuvastatin 5 mpaka 10 mg kapena simvastatin 20 mpaka 40 mg, amatsitsa LDL ndi 30 mpaka 49 peresenti. Wamphamvu, atorvastatin 40 mpaka 80 mg kapena rosuvastatin 20 mpaka 40 mg, amaitsitsa ndi theka kapena kuposa. Yezaninso mafuta pakatha masabata 4 mpaka 12.

Apanso mtundu wa munthu uli ndi mawu. Rosuvastatin amachuluka m'magazi a anthu a ku Asia pafupifupi kawiri poyerekeza ndi azungu pa mlingo womwewo, motero pepala la mankhwalawa limati ayambire pa 5 mg. Kwa ife kuno, zosamala zazikulu ndi ziwiri. Simvastatin asapitirire 20 mg mwa munthu amene akumwa amlodipine, yemwe ndi mankhwala ofala a BP. Ndipo simvastatin asaperekedwe konse kwa amene ali pa ma ARV okhala ndi ritonavir, monga atazanavir kapena lopinavir, chifukwa amaunjikana m'magazi n'kuwononga minofu. Kwa anthu amenewa atorvastatin aperekedwe pa mlingo wochepa. Ma ARV a TLD alibe vuto limeneli. Kafukufuku wa REPRIEVE, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2023, anasonyeza kuti pitavastatin anachepetsa matenda aakulu a mtima ndi mitsempha ndi pafupifupi 35 peresenti mwa anthu a HIV a zaka 40 mpaka 75, kotero kwa ambiri a iwo funso la statin layankhidwa popanda sikani. Womwa statin akamva kuphwanya kwa minofu mbali zonse ziwiri, mkodzo n'kuda ngati tiyi, asiye n'kupita kuchipatala. Mayi wofuna kutenga pathupi akambirane ndi dokotala asanayambe.

Aspirin musamuyambe nokha. Amaganiziridwa kwa ena a nambala yoposa 100 omwe alibe zilonda za m'mimba kapena vuto lotaya magazi, ndipo BP iyambe yatsika. Kwa wa ziro, kuopsa kwa kutaya magazi kumaposa phindu.

Zina zonse n'zodziwika, koma ndizo zimanyamula katundu wamkulu. Fodya yense asiyidwe, wopichira, wa m'paketi ngakhale wa pamphuno ndi wotafuna. Mchere usapitirire magalamu asanu pa tsiku, yomwe ndi supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi wa mu bakayawo ndi timakyubu tokometsera ndiwo. Nsomba yamchere iviikidwe n'kutaya madziwo. Tiyi wa masupuni anayi a shuga, zokazinga m'mafuta obwereza, ghee, ndi phiri la mpunga woyera kapena nsima yoyera zichepe, mgaiwa, mapira, nandolo ndi masamba zichuluke. Kuyenda mwandawala mphindi 150 pa sabata kukwanira, ndipo kuno kuchigwa nthawi yake ndi m'bandakucha kapena dzuwa litapepa.

Ngati sikani ili kutali

Kwa anthu ambiri a ku Ngabu, ku Makhanga kapena ku Marka, sikani iyi sifikirika, ndipo palibe chifukwa chogulitsira mbuzi kapena thonje la chaka chonse kuti munthu akajambulidwe. Mu 2019 bungwe la WHO linatulutsa matchati a chiopsezo a zigawo 21 za dziko lapansi, ndipo ena mwa iwo safuna labotale: zaka, kukhala mwamuna kapena mkazi, kusuta, BP ya pamwamba ndi BMI basi. Namwino kapena kilinikala ofesala akhoza kuwagwiritsa ntchito pa chipatala chaching'ono. Sankhani tchati cha chigawo choyenera, ndipo kwa munthu wa makolo a kumwera kwa Asia kumbukirani kuti chiopsezo chake chenicheni chikhoza kukhala pamwamba pa chomwe tchati chanena.

Pali njira ina yomwe imaiwalika. Munthu amene anajambulidwapo CT ya pachifuwa pa chifukwa china, kaya chifuwa chosatha kapena ngozi ya pamsewu, mitsempha ya mtima inalowa nawo m'zithunzizo. Ngakhale makina sanalumikizidwe ndi ECG, wowerenga akhoza kuyang'ana ndi maso n'kunena ngati kashiamu palibe, ndi wochepa, wapakati kapena wochuluka, ndipo malangizo a akatswiri a CT a 2016 amati zimenezi zizilembedwa pa CT iliyonse ya pachifuwa yojambulidwa popanda mankhwala owalitsa. Kashiamu wapakati kapena wochuluka wooneka motere ndi wokwanira kuyambira kukambirana za statin. Timadontho tating'ono tikhoza kuphonyeka, choncho "palibe" wa njira imeneyi ndi wofooka kuposa ziro wa sikani yeniyeni. Ngati muli ndi CD ya CT yakale m'chikwama cha mapepala a kuchipatala, pitani nayo pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala, mupemphe kuti wowerenga zithunzi ayang'anenso pa mtima n'kulemba zomwe waona.